Tayala Likamaphwa Popanda Msomali, Yang'anani Limu

 Mwandipatsa mphindi zochepa kuti ndifotokozeko zomwe ndikuphunzira pa shedi ya omata matayala chilembereni mayeso a Fomu 4. Ndasankha nkhani imodzi yokha, chifukwa inatidyera ndalama kwathu.

Amalume anga ali ndi kagalimoto ka takisi. Tayala lakumbuyo linkaphwa pang'onopang'ono. Kupopa Lolemba, pofika Lachinayi lafooka kale. Anakaliyezetsa kawiri konse, msomali osapezeka. Mapeto ake anagula latsopano ndi ndalama yomwe anasungira fizi ya msuweni wanga. Sabata isanathe, latsopanolo nalonso linayamba zomwezo. Titalichotsa ndi pomwe tinaona kuti tayala lakale lija linalibe mlandu. Vuto linali pa limu.

Matayala a magalimoto a masiku ano alibe chubu. Mpweya umasungika chifukwa mlomo wa tayala umakanikizana ndi m'mphepete mwa limu. Malimu onyezimira aja, amene timawatchula ma alloy, ndi a aluminiyamu, ndipo ambiri timaganiza kuti sachita dzimbiri. Amachita ndithu, kungoti lawo si lofiira. Ndi loyera ngati ufa, ndipo limalowa pansi pa penti n'kumutukusa. Pamalo pomwe pamayenera kukhala posalala pamasanduka pokhakhala, mpweya n'kumazemba pamenepo.

Chimayambitsa ndi madzi ndi matope akalowa pomwe penti wakandika, makamaka ndi zitsulo zotsegulira matayala zija. Komanso magalimoto ambiri omwe tikugula kuno anayendapo kale ku Japan kapena ku UK, komwe m'madera ozizira amathira mchere mumsewu nthawi ya chisanu. Ena amafika malimu atadyeka kale.

Nanga mudziwa bwanji? Simukufunika makina. Chotsani gudumu, muligoneke pansi lili lopopa, kenako thirani madzi a sopo kuzungulira m'mphepete mwa limu ndi pa valavu. Apa musafulumire. Pobooka ndi msomali pamaoneka msanga, koma pa limu pamatuluka tithovu ting'onoting'ono, nthawi zina patapita mphindi zisanu. Lembanipo chizindikiro ndi choko, litembenuzeni, muyesenso mbali inayo. Ambiri amaiwala mbali yamkati, pomwe ndi imene imakhala ndi matope nthawi zonse.

Mukapeza, phwetsani tayala, mulichotse pa limu. Palani ufa woyera uja ndi penti wotukuka ndi burashi ya waya, kenako sandipepala, kuyamba wokhakhala kumalizira wosalala. Yendetsani chala kuzungulira limu lonse. Chikakodwa penapake, ntchito sinathe. Pukutani fumbi lonse, mupukutenso mlomo wa tayala, chifukwa nawonso umatenga zinyalalazo. Kenako pakani bead sealer, mankhwala akuda okhala ngati labala wamadzi. Ngati muli ndi nthawi, yambani mwapakapo penti n'kudikira aume, chifukwa aluminiyamu wosiyidwa pamtunda amayambiranso kudyeka. Sinthani valavu nthawi yomweyo, ndi yotchipa. Bwezerani tayala, popani, thiraninso madzi a sopo, ndipo mukachititse balancing.

Zinthu ziwiri ndikupempheni. Choyamba, musakumbe limu ndi girayinda. Aluminiyamu ndi wofewa, mukadya kwambiri mwasiya chigwa chomwe sichidzatsekekanso. Chachiwiri, limu likakhala ndi mng'alu kapena lapindika chifukwa cha maenje a mumsewu, musalibise ndi mankhwala. Muuzeni mwini galimoto zoona, ngakhale akwiye.

Mwina wina akuti, bwanji osamangopopa m'mawa uliwonse? Tayala lopanda mpweya wokwanira limatentha, limatha msanga m'mbali, limadya mafuta, ndipo likhoza kuphulika galimoto ili pa liwiro itanyamula anthu. Mlingo woyenera wa mpweya umalembedwa pa kapepala komatidwa pakhomo la dalaivala, ndipo muziyeza tayala lisanatenthe.

Limu la amalume tinalikonza masana amodzi, ndipo mpaka lero likusunga mpweya. Tayala lakale lija ndi lomwe lili sipeya pano, koma fizi ija anachita kukongola.

Amene mukufuna kuona ndi maso, Loweruka likubwerali tikamaliza msonkhano ndibwera ndi limu lakale, burashi ndi sandipepala. Inu mubwere ndi beseni ndi kachidutswa ka sopo. Atsikana nanunso musatsalire, ntchitoyi imafuna kuleza mtima kuposa mphamvu.