Pamene Magiya a Lole Akukuta Mano

Inu amene sukulu zanu ziri pafupi ndi msewu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata munamvapo lole yosenza cimanga kapena feteleza ikukwera citunda. Ina imasintha liu lake bwino-bwino. Ina imayamba yalira ngati munthu wokukuta mano m'tulo, ndipo anthu a m'mbali mwa msewu amaseka nati, "Dalaiva uyo sadziwa nchito." Nthawi zina amanena zoona, koma kawiri-kawiri colakwa cimakhala m'lole momwemo. Lero tifuna kuphunzira mmene munthu wanzeru amapezera colakwaco.

Tiyambe ndi kudziwa cimene cimalira. Pakati pa injini ndi mawilo pali bokosi lacitsulo lochedwa giyabokosi. M'kati mwake muli magudumu a mano, aakulu ndi aang'ono, amene amazungulira m'mafuta. Awa ndiwo magiya. Giya yoyamba iri ndi mphamvu zambiri koma liwiro locepa. Giya yomariza iri ndi liwiro koma mphamvu zocepa. Posintha giya, dalaiva amalumikiza zitsulo ziwiri za mano, ndipo kuti mano alowane, zitsulozo ziyenera kuzungulira pa liwiro limodzi. Taganizani za amai awiri osinja mumtondo umodzi. Akamvana kasinjidwe, minsi imalowa mosinthana. Wina akafulumira, minsi imagundana. Kukukuta kumene mumamva ndiko kugundana kwa mano amene sanamvane liwiro.

Pali zinthu ziwiri zothandiza kuti manowo amvane. Coyamba ndi kilachi, imene imalekanitsa injini ndi giyabokosi dalaiva akaiponda ndi phazi lamanzere. Caciwiri ndi timphete ta mkuwa wosanganiza ndi zinki, timene timagwira giya ndi kulinganiza liwiro lake mano asanakumane. Nzeru imeneyi, yochedwa synchromesh, inaturukiridwa ndi Earl Thompson wa ku America, ndipo inayamba kuikidwa m'magalimoto a Cadillac m'caka ca 1928.

Tsono magiya akayamba kubvuta, makaniko wabwino sathamangira kumasula giyabokosi, pakuti nchito imeneyo ndi yolemetsa ndiponso yodya ndalama zambiri. Amayamba ndi mafunso, kucokera pa capafupi kufikira pa cobvuta.

Funso loyamba ndi ili: kodi magiya amalimba injini itazima, kapena pamene ikulira pokha? Ngati ndodo ya magiya ikuyenda bwino injini itazima, koma nkukana injini ikalizidwa, mlandu uli pa kilachi. Ndiye kuti siikulekanitsa kweni-kweni, ndipo injini ikuzunguzabe magiya ngakhale dalaiva waponda mpaka pansi. Umboni wina ndi uwu: aponde kilachi, adikire pang'ono, ayese giya yobwerera m'mbuyo. M'malole ambiri giya imeneyi iribe mphete, cotero ikakukuta, kilachi yadziulula. Kawiri-kawiri cifukwa cake cimakhala cakuti mafuta a kilachi acepa, akudontha, kapena mpweya walowa m'paipi. Koma ngati ndodo ndi yolimba ngakhale injini itazima, makaniko amayang'ana zitsulo zolumikiza ndodoyo ndi giyabokosi, cifukwa zimatha kupindika, kukhwepa kapena kuuma posowa girizi.

Funso laciwiri: kodi bvutoli limadza nthawi yanji? M'miyezi yozizira ya June ndi July mafuta a m'giyabokosi amalimba m'mawa ngati uci, ndipo magiya amalowa mokakamiza. Bvuto likatha lole itayenda mtunda pang'ono, palibe coopsya ceni-ceni. Likapitirira, makaniko amatsegula kaboo ka m'mbali mwa bokosi kuona ngati mafuta afika pakamwa pake, ndiponso ngati ndi a mtundu umene opanga lole analamula. Pokhetsa mafuta akale amayang'ananso cotsekera ca pansi, cimene nthawi zambiri cimakhala ndi maginito. Fumbi lacitsulo locepa siliopsya, koma tizidutswa tacitsulo tionetsa kuti mano ayamba kubenthuka.

Funso lacitatu: kodi ndi magiya onse amene akukukuta, kapena imodzi yokha? Ikakhala imodzi, makamaka yaciwiri kapena yacitatu zimene zimagwira nchito kwambiri, ndiye kuti mphete yake yatha. Madalaiva akale ali ndi njira yoyesera zimenezi, imene anaizolowera pa malole opanda mphete. Amaponda kilachi, nacotsa giya, naisiya ndodo pakati. Amamasula kilachi, ndipo ngati akutsikira ku giya yamphamvu amaonjezera moto wa injini pang'ono. Kenaka amapondanso kilachi nalowetsa giya. Apa phazi la dalaiva lagwira nchito ya mphete. Giya ikalowa mwakacetecete ndi njira imeneyi, makaniko wadziwa pamene pali nthenda, ndipo tsopano angathe kumasula bokosi.

Mwina mukufunsa kuti, nanga phokoso cabe liri ndi kanthu kanji? Pa msewu womwe uja wa ku Chipata pali mapiri a Manenekera ndi zitsikira zazitali zofika ku mlatho wa Luangwa, umene unatsegulidwa m'caka ca 1968. Lole yolemera imatsika malo otere pa giya yamphamvu, kuti injini iziigwira. Dalaiva akacotsa giya pakati pa citsikira, ndipo ina nkukana kulowa, lole imatsala ndi mabuleki okha. Mabuleki akapondedwa nthawi yaitali amatentha, ndipo akatentha amaleka kugwira. M'lolemo muli atate a mwana wina, ndipo kutsogolo kwake kungakhale basi yodzaza ndi anthu. Ncifukwa cake dalaiva wosamala amasankha giya asanayambe kutsika, ndipo giya yokukuta amaipereka kwa makaniko ulendo usanafike.

Aphunzitsi, phunziro likatha mupatse ana tizitsekero tiwiri ta mabotolo, ta mano m'mbali. Alumanitse manowo, azunguze kamodzi, aone mmene kanzake kakuzungulirira mobwerera. Kenaka azunguze kamodzi msanga ndi kukagunditsa pa kamene kaima, amve mmene mano akudumphirana. Pomariza alembe m'makope mwao mafunso atatu aja motsatana bwino, ndi yankho la funso liri lonse.

Inu ana, musalowe kunsi kwa lole yoima, ndiponso musakhudze ndodo ya magiya, pakuti lole yoima pa citunda ikacotsedwa giya ingathe kuyenda yokha. Nchito yanu ndi kuchera khutu. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Mukamva lole ikukukuta pa citunda, musafulumire kuseka dalaiva; dzifunseni ngati ndi kilachi, mafuta kapena mphete. Tsalani bwino mpaka tidzakumanenso sabata yamawa.