Za Kuchotsa Zithumwa ndi Nsupa M'nyumba ya Mkhristu



Palibe mbusa amene watumikira zaka zingapo, kumudzi kapena m'tauni, amene sanakumane ndi nkhani imene ili pamaso pa msonkhano uno. Mkulu wa mpingo amwalira, naikidwa m'manda ndi ulemu wonse. Koma pa tsiku losesa m'nyumba ana ake apeza nsupa yokulungidwa m'sanza kutsindwi. Mayi adza ndi khanda ku ubatizo, ndipo m'kati mwa malaya oyera muli mphinjiri. Mnyamata wa m'kalasi afika kwa mbusa usiku, alikunjenjemera, nati atate ake anatsirika nyumba ndi nyanga, ndipo iye sagona tulo. Pamenepo pabuka mafunso atatu: kodi zinthu zotere zichotsedwe? Azichotse ndani? Nanga zichotsedwe motani? Mpingo ukayankha molakwa, pena usiya nkhosa zake mu ukapolo wa mantha, pena usonkha moto wa chidani pakati pa abale.

1. Umboni wa Malembo

Pa Genesis 31 pawerengedwa kuti Rakele anaba aterafi, ndiyo timilungu ta m'nyumba ya atate wake Labani, nawabisa m'chokhalira cha ngamira. Motero mafano analowa m'banja la chipangano, Yakobo osadziwa. Pa Genesis 35, pamene Mulungu anamuitanira ku Beteli, Yakobo analamula a m'nyumba yake kuti achotse milungu yachilendo. Iwo anaipereka pamodzi ndi mphete za m'makutu mwawo, ndipo iye anazikwirira patsinde pa mtengo wathundu pafupi ndi Sekemu. Kuchotsako kunali kukonzekera kupembedza. Deuteronomo 7 alamula kuti mafano atenthedwe, ndi kuti munthu asasirire siliva kapena golidi wokhala pa iwo, kapena kulowa nazo m'nyumba mwake.

Nkhani yomveka koposa ili pa Machitidwe 19. Ku Efeso, mzinda wotchuka ndi zamatsenga, ana aamuna asanu ndi awiri a Skeva anayesa kugwiritsa ntchito dzina la Yesu monga chizimba, ndipo anathawa amaliseche ndi ovulala. Mantha anagwira mzinda wonse. Zimene zinatsatira zili ndi mfundo zinayi zoyenera kuzisamala. Choyamba, amene anadza kudzaulula anali anthu okhulupirira kale. Tsono Mkhristu wosunga chithumwa si chinthu chachilendo, ndipo mbusa asadabwe naye monga ngati waona chilombo. Chachiwiri, anadza okha. Sizilembedwa kuti Paulo anayenda m'nyumba za anthu nafufuza m'mitanga mwawo. Chachitatu, anayamba ndi kuvomereza ntchito zawo, moto unadza pambuyo. Chachinayi, mabuku awo anawatentha, sanawagulitse, ngakhale mtengo wake unakwana ndalama zasiliva 50,000. Ngati ndalama iliyonse inali malipiro a tsiku limodzi, monga ambiri awerengera, chuma chimenecho chinali cha munthu wogwira ntchito zaka zoposa 130 osapuma. Anakana kupereka kwa mnansi msampha umene iwo eni anaonjokamo.

Mpingo wa m'zaka zotsatira unayenda m'njira yomweyo. Msonkhano wa ku Laodikaya, wa m'zaka za m'ma 300, unaletsa atsogoleri a mpingo kupanga zithumwa, nulamula kuti ozivala achotsedwe mu mpingo. Katekisma wa Heidelberg, wa chaka cha 1563, pofotokoza lamulo loyamba pa funso 94, aika zanyanga ndi zamatsenga pamodzi ndi kupembedza mafano. Chomwecho pa funso loyamba palibe chikayiko: chimene munthu achikhulupirira m'malo mwa Mulungu, kapena pambali pa Mulungu, chiyenera kuchoka. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

2. Kodi mphamvu ili kuti?

Apa Akhristu asiyana maganizo. Ena ati nsupa ndi chikho chabe chokhala ndi makala ndi mafuta a nsatsi, ndipo kuitentha ndi mwambo ndiko kuipatsa ulemu umene ilibe. Ena ati m'nsupamo mukhala chiwanda, kotero kuti matenda, umphawi ndi kusabala sizidzatha pakhomopo kufikira itapezeka.

Mtumwi Paulo, polemba za nyama yoperekedwa nsembe kwa mafano, agwira mbali zonse ziwiri. Pa 1 Akorinto 8 aphunzitsa kuti fano silili kanthu, pakuti Mulungu ndi mmodzi yekha. Pa 1 Akorinto 10 achenjeza kuti wokhala pa gome la nsembe za mafano ayanjana ndi ziwanda. Ziwirizi sizitsutsana. Mtengo, nyanga ndi mkanda ndi zolengedwa za Mulungu, ndipo zilibe ulamuliro pa munthu wogulidwa ndi mwazi wa Khristu. Koma pangano limene mtima upangana nazo lili loona, ndipo Woipayo aligwiritsa ntchito. Choncho ngozi yeniyeni ili m'chikhulupiriro cha wosungayo.

Mfundo iyi ithandiza pa milandu yovuta. Munthu amene anatemeredwa mphini ali mwana sangathe kuzifafaniza, komabe ali mfulu mwa Khristu. Banja limene lalowa m'nyumba ya lendi, losadziwa zimene anakwirira omanga, siliyenera kugumula maziko. Ndiponso moto wotenthera zithumwa suyeretsa munthu: uchitira umboni kulapa kumene kwachitika kale mumtima.

3. Phunziro la Mchape

Maiko a chigawo chino anaona kale kuchotsa nyanga kopanda Uthenga Wabwino. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1930 kunabuka gulu la Mchape m'dziko la Nyasaland, lonena kuti mankhwala ake achokera kwa munthu wa ku Mulanje dzina lake Kamwende. Pofika 1934 linali litafika kwa Abemba ku Northern Rhodesia, kumene Audrey Richards analiona nalemba za ilo. Anyamata a Mchape ankandandalika mudzi wonse pamzere, nayang'ana munthu aliyense pa kagalasi, nalamula oganiziridwa kuti atulutse nyanga zawo. Nyangazo zinkaunjikidwa poyera, ndipo anthu onse ankamwa mankhwala ofiirira, atauzidwa kuti wobwerera ku ufiti adzafa. Richards anapeza kuti zambiri za m'miluyo zinali zodzitchinjirizira chabe, zosati zopwetekera anthu. Ndipo a Mchape omwewo ankagulitsa zithumwa zatsopano. Anthu anataya nyanga m'mawa, nagula zina madzulo. Mantha anakhala pomwepo, ndipo patapita zaka anadzanso ena ndi lonjezo lomwelo, monga Chikanga wa ku Rumphi m'zaka za m'ma 1950 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1960.

Koma nkhani imeneyi itsutsanso Mpingo. Kuyambira 1953, m'boma la Chinsali, anthu zikwizikwi anatuluka m'mipingo ya mishoni natsata Alice Lenshina, napereka zithumwa zawo kwa iye asanabatizidwe. Mwa zifukwa zina, anapita chifukwa iye anatchula poyera mantha a ufiti, amene m'mipingo yambiri ankangoyesedwa umbuli wosayenera kuukamba. Mpingo ukakhala chete pa chimene chisowetsa anthu tulo, iwo adzafuna wina wowamvera.

Pali ngozi inanso yoposa izi. Kufunafuna zithumwa m'nyumba za ena sikuchedwa kusanduka kusaka mfiti, ndipo chala chiloza kawirikawiri kwa nkhalamba, amasiye ndi ana. Boma la Nyasaland linaika lamulo m'chaka cha 1911 loletsa mwabvi ndi kutchula munthu mfiti, komabe mwazi sunaleke kukhetsedwa: mu Januwale 2016 okalamba anayi anaphedwa ku Neno atanenedwa kuti anatuma mphenzi imene inapha mtsikana. Mlaliki woimirira pa guwa nanena kuti agogo a m'banja lakuti ndiwo anakwirira kanthu pakhomo, adziwe kuti mawu akewo angathe kupha munthu.

4. Kusiyanitsa zinthu

Si chinthu chilichonse cha makolo chimene chili cha mdima. Khungwa ndi mizu zochiza m'mimba kapena chifuwa ndi mphatso ya Mlengi; kwinini amene anapulumutsa amishoni ku malungo anachokera ku khungwa la mtengo wa ku South America. Ng'oma, mikanda yokongoletsa, mpando kapena ndodo ya malemu sizidetsa nyumba. Mafunso oyesera ndi awa: kodi chinthucho chinaperekedwa mwa kuombeza ula? Kodi chili ndi chizimba, kapena miyambo yachinsinsi yoti isungidwe? Kodi mwini wake aopa kuti akachitaya adzafa? Kodi cholinga chake ndi kupweteka, kupusitsa kapena kulanda mnzake? Kuona maso a nkhono nkudekha.

Mpingo wakale unadziwa kusiyanitsa kotere. M'chaka cha 601 Gregory, bishopu wa ku Roma, analembera Mellitus kuti ku England mafano aonongedwe, koma nyumba zake zomangidwa bwino zisandulike zopembedzeramo Mulungu. Cha m'ma 723 Boniface anagwetsa mtengo wathundu wa mulungu Donar ku Geismar m'dziko la Germany, ndipo matabwa ake anamangira nyumba ya mapemphero.

Komanso chinthu chopatulika chikhoza kusanduka chithumwa. Njoka yamkuwa inapangidwa ndi Mose molamulidwa ndi Mulungu, koma pamene Aisraeli anayamba kuifukizira zonunkhira, mfumu Hezekiya anaiphwanya, monga pa 2 Mafumu 18. Baibulo loikidwa kumutu kwa mphasa osawerengedwa, botolo la madzi kapena la mafuta logulidwa kwa mneneri kuti liteteze galimoto, zonsezi ziyesedwe ndi muyeso womwewo. Wotaya nsupa natenga botolo wachita za Mchape.

5. Machitidwe oyenera

Pamene Mkhristu afuna kutaya zotere, mbusa apite ndi akulu a mpingo awiri kapena atatu, ndipo ngati ali mayi, papezekenso amayi okhwima m'chikhulupiriro. Ayambe ndi kumva: chinthucho anachitenga liti, ndipo ankaopa chiyani? Awerenge Mawu onena za kupambana kwa Khristu pa maukulu ndi maulamuliro, monga pa Akolose 2, ndipo mwini wake avomereze ndi pakamwa pake kuti waleka kuchikhulupirira. Ndi bwino kuti aponye pamoto ndi dzanja lake. Koma ngati mantha amgwira, mkulu wa mpingo achigwire poyamba pamaso pake, kuti aone kuti palibe choopsa chimgwera. Chosapsa chiphwanyidwe ndi kutayidwa m'chimbudzi kapena m'dzenje lakuya. Chisagulitsidwe, chisapatsidwe kwa wina, ndipo pasakhale malipiro alionse pa utumiki umenewu.

Ngati ntchito za munthuyo zinali zodziwika m'mudzi monse, monga za woombeza, umboni wapoyera uli woyenera, iye atavomera. Koma amene waulula zobisika asachititsidwe manyazi pamaso pa mpingo. Bwalo la akulu a mpingo lisiyanitse wodza yekha ndi wogwidwa alikukana. Pakuti wodziulula akalangidwa koposa wobisa, mpingo uphunzitsa anthu ake kubisa.

Munthu ataye zake zokha. Mkazi wa mwamuna wosakhulupirira asabe nsupa ya mwamuna wake. Akane kutengako mbali, nampindule ndi makhalidwe ake, monga 1 Petro 3 alangiza. Gideoni anagumula guwa la atate wake usiku chifukwa analamulidwa ndi Mulungu mwini, ndipo nkhaniyo siipatsa achinyamata ufulu wothyola zitseko za makolo awo. Zopezeka m'nyumba ya malemu zikambidwe ndi eni mbumba. Ndipo ngati m'chithumwa mupezeka fupa kapena chiwalo cha munthu, chisatenthedwe: umenewo ndi mlandu wa apolisi, makamaka pokumbukira abale achialubino amene anaphedwa m'Malawi kuyambira chaka cha 2014.

6. Nyumba yosesedwa

Pa Mateyu 12 Ambuye anachenjeza za nyumba yosesedwa ndi yokonzeka koma yopanda wokhalamo, kuti mzimu wotulukawo ubwerera ndi ina isanu ndi iwiri yoipa koposa. Mayi womanga mphinjiri m'khosi mwa khanda sachita chifukwa chodana ndi Mulungu. Mwina anaika kale ana awiri m'manda. Kumudulira chingwecho ndi kumusiya yekha ndi nkhanza. Amayi a mpingo amuyendere, amperekeze ku sikelo ndi ku katemera, ndipo mwana akatentha thupi usiku papezeke womthandiza kufika kuchipatala. Mlimi wochotsa chambu m'munda afunika abale omthandiza pamene akuba amkolola chimanga. Wantchito wa m'migodi kapena m'mafamu a kutali, amene anatenga chithumwa pochoka kwawo, afunika mpingo womlandira kuchilendoko.

Chiyeso chachikulu chidza pambuyo pa moto. Munthu akataya nsupa lero, mwana wake nadwala sabata yamawa, achibale adzati ndi chifukwa cha chimene anachita. Tsiku limenelo mbusa ndi akulu a mpingo ayenera kukhala oyamba kufika pakhomopo. Asamlonjeze kuti sadzaonanso zovuta, pakuti Malembo salonjeza zotero. Amkumbutse kuti pokhala ndi moyo ndi pakufa pomwe iye ali wake wa Khristu, ndipo akhale naye kufikira mbandakucha.

Mulungu wa mtendere apatse Sinodi ino nzeru ndi kulimbika mtima pa ntchito imeneyi. Amen.