Nsengwa ikalephera kudziwa malire

 Ine monga mtolankhani ndabwera ndi nkhani ya nsengwa, ija timakwirira mwana akabadwa.

Mayi akaima, maselo a nsengwa amalowa m'khoma la chiberekero ngati mizu ya tiyi m'nthaka, nakulitsa mitsempha kuti magazi ambiri afike kwa mwana. Amachulukana msanga, ndipo chitetezo cha m'thupi chimawalekerera. Khansa imachitanso chimodzimodzi, monga adaonera John Beard wa ku Edinburgh m'chaka cha 1902. Kusiyana kwake n'kwakuti nsengwa imadziwa polekezera. Ikaphonya malirewo, mavuto ndi atatu.

Loyamba, mizu ikalowa pang'ono, mitsempha imakhala yothina. Pakatha masabata 20 magazi a mayi amathamanga, mutu umapweteka, maso amachita chidima, nkhope ndi manja zimatupa. Madokotala amati pre-eclampsia. Kumudzi ena amati ndi mdulo, nayamba kufunsana kuti wayenda ndani, pamene mayi ali pafupi kukomoka. Chonsecho jakisoni wa magnesium sulphate amateteza kukomokako.

Lachiwiri, mizu ikalowa mopyola, nsengwa imakana kutuluka ndipo mayi amataya magazi ambiri. Izi zimakonda kuchitika pa chipsera cha opareshoni. Mayi amene adang'ambidwapo achilire kuchipatala chochita opareshoni, monga cha boma pano pa Mulanje kapena Mulanje Mission.

Lachitatu, maselowo amasanduka khansa yeniyeni, choriocarcinoma, imene imafika mpaka kumapapo. Koma imachizika: m'chaka cha 1956 ku America, Dr Min Chiu Li adaigonjetsa ndi mankhwala a methotrexate. Mayi akapita padera koma magazi osaleka, abwerere kuchipatala msanga.

Kafukufuku wa boma wa 2015-16 adapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 439 ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Ambiri mwa maliro amenewa ngopeweka.

Tsono pempho langa nali. Amayi, mukapita kusikelo musachoke asanakuyezeni BP, ndipo mufunse nambala yake. Thupi ndi lanu. Abambo, mayi akadandaula mutu, ya basi ipezeke tsiku lomwelo. Mafumu, mlandu wa mdulo ungadikire, koma mayi sangadikire.