Pakhomo pa Mkhristu ndi Zaka za Banja



Pa chaka chotere anthu amawerenga zinthu zazikulu: tchalitchi, sukulu, chipatala, ndi maina a ansembe amene anagwira ntchito kuno. Nkoyenera ndithu. Koma zaka 100 za parishi zinalembedwanso pa malo ena aang'ono, ndiwo pakhomo: bwalo losesedwa m'mamawa, mpanda wa nkhadze, nkhokwe, khola, mtengo wa mapichesi kuseri kwa nyumba, ndi dimba kumunsi kudambo. Malembo Oyera amaphunzitsa kuti ntchito yoyamba imene Mulungu anapatsa munthu inali yolima munda ndi kuusunga. Tsono mau a lero akunena za mai wina ndi pakhomo pawo. Dzina lawo silitchulidwa, pakuti mbiri yawo ndi ya amai ambiri a kuno ku Angónia, ndipo aliyense wa inu awazindikira m'mudzi mwake.

Maiwa anakwatiwa nthawi ya Apwitikizi. Amuna awo anadza kudzakhala chikamwini, ndipo amalume anawalozera malo. Bambo anamanga nyumba, nazika nkhadze mozungulira. Mai anabzala nthochi pamene pamatayikira madzi otsukira mbale, chifukwa nthochi imakonda chinyontho ndi phulusa. Anaokanso mitengo iwiri ya mapichesi, mtengo wokonda kuzizira kwa mapiri ano, umene umachita maluwa mu Ogasiti masamba asanaphuke, nupsa zipatso mvula ikamayamba. Banja linali la anthu awiri okha, ndipo pakhomo panali pang'ono.

Ana atayamba kubadwa, dimba linakula nawo. Mvula ikatha, mai ankatsikira kudambo kukabzala mpiru, kabichi, anyezi ndi mbatata ya kachewere, atathira manyowa a m'khola la ng'ombe. Matimati ndi nyemba ankadikira nazo, podziwa kuti chisanu cha Juni ndi Julaye chimawaula mbeu zimenezi m'dambo usiku umodzi. Pa dzinja ankafutsa nkhwani ndi khwanya, nazimanga m'zikwatu, kuti pa chilimwe mwana asadye nsima yosinkha. Chimanga cha mbeu ankachipachika pa utsi kuti anankafumbwe asachiboole. Pamene bambo anapita kukagwira ntchito ku Halale, monga ankachitira amuna ambiri a kuno, dimba lomwelo ndilo linagula mchere, sopo ndi zovala za ana. Ndipo pa bwalo lomwelo, madzulo, anawo anaphunzira chizindikiro cha mtanda asanaone khomo la sukulu.

Dziko litalandira ufulu mu 1975, boma linatenga masukulu ndi zipatala za mishoni, ndipo ansembe anachepa. Msonkhano wa Eklezia wa dziko lonse umene unachitikira ku Beira mu 1977 unalimbikitsa akhristu kukhala m'magulu aang'ono ndi kugawana okha mautumiki. Masiku amenewo mabwalo ambiri anasanduka malo opemphererapo. Maiwa ankasesa Loweruka madzulo, nayala mphasa pa mthunzi, kuti mawa lake akhristu amve Mau a Mulungu. Tsache lawo linatumikira Eklezia monga linatumikira banja.

Kenaka inadza nkhondo. Pa 30 Okutobala 1985 Bambo João de Deus Kamtedza ndi Bambo Sílvio Moreira anagwidwa ku Chapotera, kufupi ndi Lifidzi, naphedwa. Mu 1986 midzi yambiri inathawira ku Malawi, ku Dedza ndi ku Ntcheu. Wothawa sanyamula nkhokwe, sanyamulanso mtengo. Maiwa anabereka mwana, nasenza mphika, namanga pa nsonga ya nsalu nthanga za maungu ndi nyemba pang'ono. Kuchilendoko analibe munda. Koma pambali pa kanyumba kawo anagaula malo aang'ono ngati mphasa ziwiri, nabzala nthanga zija. Chaka ndi chaka ankasungako mbeu, poyembekeza tsiku lobwerera.

Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera kwawo. Banja lija linapeza nyumba itagwa, bwalo lili tchire lokhalokha. Chimene chinawauza kuti kwawo ndi pano chinali nkhadze ndi nthochi. Zomwezo zinachitiranso umboni pamene panabuka mkangano wa malire. Mwa mapichesi awiri aja, umodzi unali utauma, wina unali ndi nthambi zochepa zamoyo. Bambo anafuna kuudula. Mai anapempha chaka chimodzi, monga anachitira wosunga munda uja wa m'fanizo la mkuyu. Anasadza nthambi zouma nthawi yozizira, nakumba mozungulira, nathira manyowa. Mu Ogasiti mtengowo unachita maluwa, ndipo kuchokera ku nthanga zake kunamera mitengo imene ikubereka pakhomopo lero.

Tsopano maiwa ndi agogo amasiye. Ana ali ku Tete, ku Moatize, ku Beira, wina ku Joni. Msana sulolanso kutsikira kudambo. Iwo sanakakamire dimba lalikulu, ndiponso sanataye khasu. Dimba la kudambo anapatsa mdzukulu, mafumu ndi abale akuona, ndipo anadzisungira mizere inai ya ndiwo pafupi ndi khonde, pamene angathirire ndi kandowa. Nzeru yake ndi imeneyi: pakhomo pamakula ndi banja, pamachepanso ndi banja, koma sipayenera kusiyidwa.

Apa ndipo pali mlandu wa parishi ino. M'midzi muli agogo otere amene mpanda wawo unagwa, mbuzi zimadya ndiwo zawo, ndipo palibe wowazikira mtengo ngakhale umodzi. Alipo amasiye amene maliro asanaiwalike, abale anadza kudzalanda dimba ndi mitengo imene iwo anathirira zaka makumi anai. Ena mwa olandawo amayimba m'kwaya, nalandira Ukaristia. Zimenezi sizigwirizana ndi ubatizo.

Chifukwa chake pa chaka chino papemphedwa zinthu zitatu. Choyamba, mphakati uliwonse uwerenge okalamba ndi amasiye ake, ndipo usankhe tsiku mvula isanagwe lokawakonzera mpanda, kuwatutira manyowa ndi kuwagaulira mizere. Chachiwiri, inu ana okhala m'matauni, ndalama zimene mumatumiza nzabwino, koma sizisesa bwalo; bwerani kamodzi pa chaka mudzagwire khasu, ndipo makolo akadali moyo mukambirane poyera za mwini dimba wa mawa. Chachitatu, inu amene mukumanga ukwati chaka chino, bzalani mtengo wa zipatso pakhomo panu, ndipo pa ubatizo wa mwana aliyense muwonjezepo wina. Pichesi imayamba kubereka patapita zaka zitatu kapena zinai. Mwanayo adzathyola yekha asanayambe katekisimu.

Akhristu okondedwa, m'mamawa wa Pasaka Maria wa ku Magadala anaona Ambuye ouka kwa akufa, nawayesa wosunga munda. Amene anabzala chikhulupiriro kuno zaka 100 zapitazo sanaone khamu limene lasonkhana lero, monganso agogo aja sadzadya zipatso zonse za mitengo yawo. Mulungu adalitse makomo anu, manja ogwira khasu ndi tsache, ndi onse amene adzakhala pa mthunzi wa zimene mubzala chaka chino.

Yesu Khristu atamandike.