MSIYENI HANA AYAMWITSE

Tsegulani 1 Samueli mutu 1, kuyambira ndime 21. Nthawi ya nsembe ya chaka ndi chaka itafika, Elikana ananyamuka ndi banja lake kupita ku Silo, koma Hana anatsala kunyumba kufikira mwana ataleka kuyamwa. Kodi Mulungu anamuwerengera tchimo? Ayi. Elikana anakalipa? Ayi, anavomera. Muli nane, okondedwa?

Azaumoyo amati mwana ayamwe mwakathithi miyezi 6, osampatsa madzi kapena phala, kenako ayambe zakudya zina uku akuyamwabe mpaka zaka 2 kapena kupitirira. Amayi ambiri kumudzi amazimva bwino izi kusikelo. Nkhani imasintha akafika pakhomo. Agogo akuti mwana akulira ndi njala, mpatseni kaphala. Apongozi akuti mkaka woyamba wachikasu uja ndi woipa, ufinyireni pansi, chonsecho ndi umene umamtchinjiriza mwana ku matenda. Dzuwa la Okotobala likaswa mtengo, amati mwana ali ndi ludzu, ndiye amamumwetsa madzi a pachitsime, mawa lake wayamba kutsegula m'mimba. Agogo, timakulemekezani, mwalera ambiri, koma pamenepa amvereni alangizi a zaumoyo.

Abambo, mkazi wanu wachoka kumunda, wapita kumjigo, wabwera ndi nkhuni pamutu, wadya komalizira ndiwo zitatha. Ndiye mukufunsa kuti bwanji mwana sakunenepa! Tengani khasu lija, iye akhale pansi ayamwitse.

Tsopano ndibwere kwathu kuno ku Chinyonga, musatseke wailesi. M'nyumba zathu muli amayi antchito ochokera ku Chiradzulu, ku Thyolo, ku Mulanje. Ena anasiya khanda la miyezi 3 kwa agogo ake chifukwa inu, a dikoni, munati simufuna wamwana. Mu Eksodo 2, mwana wamkazi wa Farao, munthu wosadziwa Yehova, analipira mayi kuti ayamwitse Mose. Nanga inu wolankhula malilime? Muuzeni akamtenge mwanayo. Ngati nyumba yachepa, nenani, tikambirane kutchalitchi Lamulungu lino.

Za kusala kudya: tikalengeza masiku 21 mu Januwale, mayi woyamwitsa adye, amwe, apemphere nafe mbale ili m'manja. Mtsogoleri wa amayi aliyense amve, palibe womuloza chala.

Amayi amene muli ndi khanda pamiyendo, ikani dzanja pamutu pake, tipemphere.