Musanapereke Ndalama za Nyumba

 Usiku uno ndifuna kukamba nanu za kugula nyumba kapena puloti, pakuti ambiri a inu muli kusunga ndalama za nchito imeneyi, ndipo ena mwatenga kale gawo lija la 20 pa 100 limene a NAPSA anayamba kupereka m'caka ca 2023.

Makolo athu amene anakumba mkuwa ku Nkana, ku Mufulira ndi ku Nchanga sanabvutike ndi nkhani yotere. Nyumba inali ya kampani, ndipo tsiku lotha nchito linali tsiku lobweza makiyi ndi kukwera sitima ya kumudzi. Zinthu zinatembenuka m'zaka za 1996 ndi 1997, pamene Boma la a Chiluba linayamba kugulitsa nyumba za makhonsolo ndi za ZCCM kwa okhalamo. Kuyambira pamenepo nyumba ya m'tauni yasanduka cuma cogula ndi kugulitsa, ndipo akuba naonso aphunzira malonda ace.

Coyamba kudziwa ndi ici: m'Zambia mulibe munthu wogula dothi kuti likhale lace mpaka muyaya. Umwini wotere unatha m'caka ca 1975, ndipo lamulo la malo la 1995 linena kuti malo onse ali m'manja mwa Pulezidenti, amene awasungira anthu a dziko lino. Boma libwereketsa malo kwa zaka zosapyola 99, ndipo mwini puloti alipira msonkho wa nthaka caka ndi caka. Tsono pogula nyumba, mugula zipupa ndi malata, inde, koma cacikuru ndi zaka zotsala pa cikalata cija ca Boma cimene ticicha title. Ngati dzina lanu silinalembedwe m'buku la ku Unduna wa Malo, nyumbayo siinakhale yanu, ngakhale mwagonamo zaka khumi. Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.

Si mapepala onse ali ndi mphamvu yofanana. M'makomboni obvomerezeka, monga Chawama ndi George ku Lusaka, khonsolo ipereka cilolezo cokhalapo zaka 30, ndipo ico nco coona, koma si title. Kalata ya mfumu iri ndi ulemu wace pa malo a makolo; kuti isanduke title pafunika cibvomerezo ca mfumuyo, ca khonsolo, ndi ca Commissioner of Lands. Koma kapepala ka wapampando wa cipani, kapena ka anyamata oima ndi cingwe copimira m'thengo, kalibe kanthu konse. Mwezi wa August 2022 nyumba zoposa 300 zinagwetsedwa pa bwalo la ndege la Kasompe ku Chingola. Simenti ndi malata a anthu aja zinali zenizeni; cimene analibe ndi cikalata cimene lamulo licidziwa.

Cotero, musanaturutse ngakhale ngwee imodzi, tengani nambala ya puloti, mupite nayo ku ofesi ya malo ku Lusaka kapena ku Ndola, mulipire kandalama kocepa kuti akufufuzireni m'buku. Pepala limene adzakupatsani lidzaonetsa mwini wace weniweni, ndiponso ngati nyumbayo inaperekedwa cikole ku banki, kapena ngati wina anaikapo ciletso. Dzina la pa pepalalo mulilinganize ndi la pa reji ya wogulitsa, ndi nkhope yace yomwe. Wogulitsa woona sakwiya ndi zimenezi. Amene akwiya, nanena kuti pali wina wa ku Congo afika mawa ndi ndalama zonse, mlekeni agulitse kwa wa ku Congoyo.

Pano ndicedwepo pang'ono, pakuti mbuna yaikuru ya ku migodi ndi nyumba ya masiye. Ambiri amene anagula nyumba za ZCCM anamwalira, ndipo zikalata zikali m'maina ao. Abwera kwa inu mwana wamwamuna woyamba, wobvala bwino, wolankhula mwaulemu, nati nyumba njace popeza ndiye mkuru. Lamulo la 1989 la cuma ca womwalira wosasiya wilo silitero ai. Nyumba ikhala ya mkazi wamasiye pamodzi ndi ana onse, akazi ndi amuna, ndipo maiyo akhoza kukhalamo moyo wace wonse ngati sakwatiwanso. Ngakhale iye amene anasankhidwa kuyendetsa cuma ca malemu sangagulitse nyumba popanda cilolezo ca bwalo la milandu. Funsani kuona cilolezoco ndi maso anu. Funsaninso oyandikana nayo nyumba, makamaka amai okalamba, amene adziwa ana a malemu onse, ndi aja a kunja kwa banja omwe. Mukapanda kutero, mudzagula mlandu wa banja la eni, ndipo milandu yotere imatha zaka.

Ngati ndi puloti yopanda nyumba, itanani wopima malo wobvomerezeka akusonyezeni miyala ya malire. Anthu amanga pa malo a mnansi cifukwa ca kukhulupirira cala ca wogulitsa.

Za kalipiridwe. Ndidziwa kuti ambiri aopa maloya, nati adya ndalama zacabe. Ine nditi pa malonda a nyumba loya ndiye wochipa kopambana. Iye alemba cipangano, asunga ndalama zanu kufikira Boma litabvomereza kuti malo asinthe dzina, naonetsetsa kuti wogulitsa walipira msonkho wa kusintha umwini, umene kuyambira 2025 uli 8 pa 100. Msonkhowo ngwa wogulitsa, si wanu. Onaninso ngati palibe ngongole za madzi ndi za khonsolo, pakuti zimenezo zitsala pa khomo, mwini wakale atapita.

Ena mufuna nyumba yoikamo anthu a lendi. Ndi maganizo abwino, koma werengani ndi pensulo. Tiyerekeze mwagula nyumba pa K400,000, ndipo lendi yace ndi K2,500 pa mwezi. Pa caka ndi K30,000. Mukacotsapo za kukonza denga, za khonsolo, za msonkho, ndi mwezi umene nyumba ikhala yopanda munthu, kapena mutsala ndi K24,000. Ndalama zanu zidzabwerera patapita zaka pafupi 17. Munthu wotenga kaloba kuti agule nyumba yotere adzagulitsa nyumbayo kuti abweze kalobayo. Kumbukiraninso kuti lendi ya m'tauni ya mgodi iyenda ndi mgodi. Funsani a ku Kabwe za caka ca 1994, pamene mgodi wao unatsekedwa, kapena a ku Luanshya za 2009: wokhala m'nyumba yanu akacotsedwa nchito, inunso mwina mwacotsedwa tsiku lomwelo. Kwa ine, nyumba yoyamba ikhale yogonamo inu ndi ana anu, ndipo ngati puloti iri ndi malo kumbuyo, zipinda ziwiri za lendi zingadze pambuyo, khonsolo itabvomereza pulani.

Nthawi yatha. Sabata la mawa tidzakamba za ngongole ya nyumba ya ku Zambia National Building Society ndi ku mabanki, ndi m'mene ciwongola dzanja ciwerengedwera. Gonani bwino nonse.