Miyeso Iŵiri pa Bwalo Limodzi

Lero tifuna tipite nanu kutali ndithu, ku dziko la United States of America, ndipo tibwerere ku chaka cha 2008. Kumeneko kudazengedwa mlandu waukulu, ndipo woŵeruza wake adali munthu aliyense amene adali ndi pakamwa. Ozengedwa mlanduwo adali mai ena amene sadabe kanthu, sadaphenso munthu ai. Adangovomera kuima pa chisankho.

Pa 29 August 2008, mu mzinda wa Dayton ku Ohio, a John McCain, amene chipani cha Republican chidaŵasankha kuti apikisane ndi a Barack Obama pa mpando wa pulezidenti, adaonetsa kwa anthu munthu amene adzakhale wachiŵiri wao. Munthuyo adali Mai Sarah Palin, a zaka 44, bwanamkubwa wa chigawo cha Alaska, dera lozizira kwambiri la kumpoto kwenikweni. M'zipani ziŵiri zazikulu za m'dzikomo, ulemu wotere udagwerapo munthu wamkazi kamodzi kokha, mu 1984, pamene chipani cha Democrat chidatenga Mai Geraldine Ferraro. Anthu ambiri a ku America adali asanamvepo dzina la Mai Palin. Koma pasanathe mlungu, dziko lonse lidali kukangana za iwo pa mfundo zitatu: kodi ntchitoyo angaithe? Kodi banja lao akuliyendetsa bwino? Nanga maganizo ao pa nkhani ya mafuta a pansi pa nthaka ngolongosoka?

Funso loyambalo lidali loyenera kotheratu, ndipo aliyense woponya voti adali ndi ufulu wa kulifunsa. Wachiŵiri kwa pulezidenti amaoneka ngati munthu wopanda ntchito, kufikira tsiku limene maliro aloŵa m'nyumba ya boma. Ku America apulezidenti 8 adamwalira ali pa mpando. A Harry Truman adangokhala wachiŵiri masiku 82 okha mu 1945, tsono a Franklin Roosevelt atamwalira, nkhondo yaikulu ya dziko lonse idagwera m'manja mwao. Ifenso kuno izi tidaziona: a Levy Mwanawasa a ku Zambia adatisiya masiku 10 okha Mai Palin asanatchulidwe, ndipo ku Malaŵi Mai Joyce Banda adaloŵa m'malo mwa a Bingu wa Mutharika mu April 2012. A McCain adali ndi zaka 72, adadwalapo khansa ya pakhungu, ndipo thupi lao lidazunzika zaka zoposa zisanu m'ndende ya ku Vietnam. Choncho kufunsa za kukhwima kwa wachiŵiri wao sikudali chipongwe.

Nanga yankho lake lidali lotani? Mai Palin adali meya wa tauni yaing'ono ya Wasilla kuyambira 1996 mpaka 2002, ndipo pa ubwanamkubwa adali atakhalapo miyezi 20 yokha, m'chigawo cha anthu osakwana 700,000. Mnzao wopikisana naye, a Joe Biden, adali mu Senate chiyambire 1973. Oŵakonda ankati a Obama naonso adali asanakwanitse zaka zinai mu Senate, ndipo sadalamulirepo ngakhale tauni; mau ameneŵa adali ndi choona chake. Koma pamene mtolankhani Katie Couric wa CBS adaŵafunsa mu September, zidaoneka poyera kuti nkhani za maiko akunja ndi za makhoti akuluakulu sadazidziŵe mokwanira. Ataŵafunsa nyuzi zimene amaŵerenga, sadatchule ndi imodzi yomwe. Ife tiona kuti pamenepa okayika adakayika moyenera. Ndipo cholakwa chachikulu chidali cha a McCain, amene adasankha mofulumira munthu amene adali atacheza naye pang'ono chabe. Mu 2018, atatsala pang'ono kumwalira, iwo adanena kuti akadakonda akadatenga bwenzi lao a Joe Lieberman.

Komabe ngakhale pa funso loyenerali padaloŵa umboni wonama. Mpaka lero anthu ambiri amakhulupirira kuti Mai Palin adanena kuti amaona dziko la Russia ali pakhomo pa nyumba yao. Iyai, sadanene zimenezo. Adanena mauwo ndi Tina Fey, wochita nthabwala pa televizioni, amene ankaŵatsanzira. Zimene eniakewo adanena nzakuti dziko la Russia limaoneka kuchokera pa chilumba china cha Alaska, ndipo zimenezo nzoona: pakati pa zilumba ziŵiri za Diomede pali mtunda wa makilomita anai okha. Inde, kuyandikana ndi Russia sikuphunzitsa munthu ndale za maiko. Koma munthu amene ali ndi zofooka zenizeni, chifukwa chiyani timsenzetse zabodza?

Tsono tifike pa banja, pamene padali phokoso lalikulu kupambana pena ponse. Mai Palin ali ndi ana asanu. Wotsiriza adabadwa mu April 2008, ali ndi chilema chimene madokotala amachitcha Down syndrome, chimene chimachititsa mwana kukula pang'onopang'ono m'thupi ndi m'nzeru. Makolowo adadziŵiratu zimenezi mwanayo asanabadwe, pakuti kuchipatala adaŵayeza. M'maiko olemera, makolo ambiri akamva uthenga wotere amachotsa pakati. Iwo adamlandira mwana wao, ndipo pa msonkhano waukulu wa chipani adamnyamula pamaso pa dziko lonse, osachita naye manyazi. Pamenepa ife sitingakhale chete ngati kuti tilibe mbali. Mwana wolumala ndi munthu wathunthu, wolengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndipo mai amene amtsekulira chitseko ayenera ulemu. Makolo ambiri amene adali kulera ana otere mobisa adalimba mtima poona zimenezi.

Koma tamverani zimene zidatsatira. Pa 1 September zidamveka kuti mwana wao wamkazi wa zaka 17, wosakwatiwa, ali ndi pakati. Pomwepo miyeso idasinthana manja. Anthu amene zaka zonse ankalalikira kuti mkazi angathe kugwira ntchito iliyonse monga mwamuna, ena mwa iwo adayamba kufunsa kuti, kodi mai wa khanda lolumala sayenera kukhala pakhomo? Ndipo anthu amene zaka zonse ankadzudzula amai osiya ana kunka ku ntchito, ndi kunyoza mabanja a atsikana otenga mimba ali pasukulu, ena mwa iwo adangoti zimachitika m'banja lililonse. Abale, mau akuti zimachitika m'banja lililonse ngoona ndithu. Koma adali oona kale lomwe, pamene mtsikanayo adali mwana wa mphaŵi wa m'makwalala a Chicago, wopanda chipani chomuikira kumbuyo. Chifundo chimene chimadzuka pokhapokha wochimwa ali wa mbali yathu, chimenecho si chifundo, koma ndale zovala mkanjo.

Taganiziraninso za a Biden. Mu December 1972, atangosankhidwa kumene, mkazi wao ndi mwana wao wakhanda adafa pa ngozi ya galimoto, ndipo ana ao aamuna aŵiri adavulala koopsa. Iwo adalumbirira udindo wao m'chipatala momwemo, pambali pa bedi la ana, nakhala zaka zambiri akuyenda pa sitima ya pamtunda tsiku ndi tsiku pakati pa Washington ndi kwao ku Delaware. Dziko lidaŵatama, ndipo lidachita bwino. Koma bambo wosenza ntchito ndi ana pamodzi amatchedwa ngwazi, pamene mai wochita zomwezo amafunsidwa kuti waŵasiyira yani ana. Ana a Mai Palin adali ndi bambo wao wamoyo, koma oŵerengeka okha ndiwo adakumbukira zimenezo.

Amene adalankhula mwaulemu pa tsikulo adali mdani wao pa ndale. A Obama adauza atolankhani kuti mabanja a opikisana, makamaka ana, asaŵakhudze, ndipo adakumbutsa anthu kuti iwonso mai ao adaŵabala ali ndi zaka 18. Akuluakulu athu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mtsikana uja sadapemphe voti ya munthu aliyense, koma manyazi ake adagulitsidwa m'nyuzi za dziko lonse la pansi. Komanso tisabise mbali inayo: chipani cha mai ake nachonso chidaimika banjalo pa nsanja ngati chikalata cha umboni, ngati kuti kulera bwino khanda lolumala ndiye kuti munthu angathe kulamulira asilikali. Banja si mkondo wolasira mnzako, komanso si satifiketi ya ntchito. Munthu angathe kukhala kholo labwino koma mtsogoleri wosakonzeka, ndipo tadziŵapo atsogoleri anzeru amene kunyumba kwao kudali misozi.

Nkhani imene idafunika kuifatsira, ndiye ija idangothera m'mfuu. Mu July 2008 mtengo wa mafuta udafika madola 147 pa mgolo umodzi, ndipo anthu a ku America adali kulira pogula petulo. Pa msonkhano wa chipani cha Republican khamu lidayamba kufuula mau akuti kumbani mafuta, kumbani basi, ndipo Mai Palin adaŵabwereza mauwo pa mtsutso wao ndi a Biden pa 2 October ku St. Louis, anthu pafupifupi 70 miliyoni akuonera. Oŵakonda adaomba m'manja, odana nao adati ndi wantchito wa makampani a mafuta. Onse aŵiri sadaŵerenge mbiri yao bwino.

Alaska amadya mafuta monga ife tidyera chimanga. Chiyambire 1977 mpopi wa mamailosi 800 umatenga mafuta ku Prudhoe Bay kukafika ku doko la Valdez, ndipo pa nthaŵi imeneyo ndalama zambiri zoyendetsera boma la chigawocho zinkachokera m'menemo. Koma Mai Palin sadali wogwadira makampani. Mu 2004 adatula pansi udindo wao m'bungwe loyang'anira mafuta ndi gasi, podandaula za khalidwe la mnzao wa m'bungwemo, amene adali mkulu wa chipani chao chomwe. Munthuyo pambuyo pake adalipira chindapusa. Mu 2007, mothandizana ndi aphungu a Democrat, adakweza msonkho wa makampani a mafuta, ndipo mu 2008 munthu aliyense wa ku Alaska adalandira madola 1,200 oonjezera pa gawo lake la chaka ndi chaka. Kunena zoona, pa nkhani imeneyi ndi pamene adali ndi luso lenileni, ndipo nzachisoni kuti chipani chao chidasinthanitsa lusolo ndi mfuu ya mau atatu.

Pakuti mfuuyo idabisa mafunso olemera. Mai Palin ankafuna kuti mafuta akumbidwe m'nkhalango yotetezedwa ya Arctic National Wildlife Refuge, pamene a McCain eniake ankakana; anthu aŵiri oima pamodzi adali osiyana maganizo, koma oŵerengeka okha ndiwo adafunsa kuti atsatira ati. Akatswiri a boma oŵerengera za mafuta adalemba chaka chomwecho kuti mafuta a kumeneko angatenge zaka 10 kuti ayambe kutuluka, ndipo angatsitse mtengo ndi ndalama yosafika madola 2 pa mgolo. Woyendetsa galimoto wa mu 2008 sakadapindula kanthu. M'chigwa chimenecho ndimo mumaswera nyama zonga mphalapala zotchedwa caribou, zimene mtundu wa Gwich'in umadalira pa chakudya chiyambire makolo ao, ndipo iwo amakana kukumbako. Koma anthu ambiri a mtundu wa Iñupiat a m'mudzi wa Kaktovik, amene ali m'deralo, amakufuna, chifukwa sukulu ndi zipatala zao zimamangidwa ndi ndalama za mafuta. Osauka ali mbali zonse ziŵiri, ndipo mlandu wotere sugamulidwa ndi kufuula.

Walira mvula walira matope. Anthu a ku Alaska adaona matopewo mu 1989, pamene sitima ya Exxon Valdez idataya magaloni pafupifupi 11 miliyoni m'nyanja, asodzi nataya ntchito zao. Ndipo kumpotoko kukutentha msanga kupambana madera ena: midzi ya m'mbali mwa nyanja monga Shishmaref ndi Kivalina ikukokoloka, chifukwa madzi oundana amene ankaitchinjiriza ku mafunde akuchedwa kuundana. Pamene boma la Washington lidaika zimbalangondo zoyera pa mndandanda wa nyama zofunika kuziteteza mu May 2008, boma la Mai Palin lidakasuma ku khoti. Ndipo pofunsidwa ngati kutenthaku kukuchokera ku ntchito za anthu, mayankho ao adali ozungulira. Apa ndi pamene oŵatsutsa adali ndi mfundo yolimba, koma nthaŵi yao yambiri idathera pa mimba ya mwana wa sukulu.

Pa 4 November 2008 a Obama ndi a Biden adapambana, ndipo mu July 2009 Mai Palin adasiya ubwanamkubwa nthaŵi yao isanathe. Pofika December 2008 mgolo wa mafuta udali utatsika kale pansi pa madola 40, popanda chitsime ndi chimodzi chomwe chokumbidwa m'nkhalango ija, chifukwa chuma cha dziko lonse chidagwa. Mpopi waukulu wa gasi umene adapangana ndi kampani ya TransCanada, naulonjeza thandizo la madola 500 miliyoni, sudamangidwe. Msonkho wao wa mafuta udasinthidwa mu 2013 ndi amene adaŵaloŵa m'malo. Lamulo la mu 2017 lidatsekula chigwa cha caribou chija kuti makampani agule malo okumbapo. Pa malonda oyamba, mu January 2021, makampani akuluakulu sadabwere, ndipo malo ambiri adagulidwa ndi bungwe la boma la Alaska lomwe. Pa malonda achiŵiri, mu January 2025, sipadapezeke wogula ndi mmodzi yemwe.